Wakuba akafera m'manja mwa gulu, mlandu umagwera ndani?

Nachisale:

Akuluakulu, ndigawireni nzeru. Masiku ano sabata sitha osamva kuti kwinakwake kwaphedwa munthu. Uku ati amuotcha pamsika chifukwa cha njinga ya kabaza, uku agogo awagenda kumanda ati ndiwo adya mwana, uku wina wabayidwa pamowa polimbirana chenji. Chimene chikundizunguza mutu ndi ichi: munthu akamenyedwa ndi gulu la anthu 40 kapena 50 mpaka kufa, apolisi amasankha bwanji womumanga? Amene anangomuwomba khofi limodzi n'kuchokapo, naye ali ndi mlandu wakupha? Nanga mabanja awiri akakhala pansi kwa amfumu, opha n'kugula bokosi ndi kupereka ng'ombe yachipepeso, nkhani imathera pomwepo? Ndikufunanso kudziwa ngati kuphanaku kwachulukadi, kapena ndi mafoni chabe amene akutionetsa zimene kale zinkathera m'mudzi momwemo. Odziwa malamulo ndi achipatala, chonde tiuzeni zenizeni.

Gama wa ku Zomba:

Mayi Nachisale, ndiyambire pa khofi limodzi lija, chifukwa ndi pamene anthu ambiri amadzinamiza. M'buku la milandu ndi zilango, Penal Code, muli gawo 22. Likunena kuti anthu akagwirizana kuchita chinthu choswa lamulo, ndiye pochita chinthucho n'kupalamulidwa mlandu umene unali wodziwikiratu kuti ungatulukepo, aliyense wa iwo amatengedwa ngati wauchita ndi manja ake. Gawo 21 limaonjezerapo wothandizira ndi wolimbikitsa. Choncho wogula petulo, wobweretsa tayala, womanga manja, wotchinga njira kuti asathawe, wokuwa kuti "ameneyu lero afe basi", onsewa akhoza kuyankha mlandu umodzi. Boma silifunika kuonetsa kuti mwala umene unaswa mutu unachoka m'dzanja la uje. Amene anangoima chapatali n'kumaonerera alibe mlandu, kupezeka pamalo pokha si kulakwa. Koma apolisi akabwera m'bandakucha amatola aliyense amene watchulidwa kapena waoneka pa vidiyo, ndipo kufotokoza kuti iwe unkangodutsa umakachita uli kale m'chitokosi.

Milandu yakupha ilipo iwiri, ndipo kusiyana kwake n'kwakukulu. Gawo 209 ndi la kupha mwadala, gawo 208 ndi la kupha mosakonzekera. Pa woyambawo chilango chimafika pa kunyongedwa kapena kukhala kundende moyo wonse. Pa wachiwiriwo malire ndi moyo wonse, koma nthawi zambiri jaji amapereka zaka zowerengeka. Anthu amaganiza kuti "mwadala" ndiye kuti unagona usiku ukukonza chiwembu. Ayi. Gawo 212 likuti n'zokwanira ngati unkafuna kumuvulaza kwambiri, kapena unkadziwa kuti zimene ukuchitazo zikhoza kumupha. Ndiye mawu aja akuti "ndimangofuna kumuphunzitsa" sathandiza ngati chophunzitsiracho chinali chikwanje pamutu.

Chimene chimatsitsa mlandu kuchoka pa 209 kufika pa 208 kawirikawiri ndi kuputidwa, koma kuputidwa kwake kwa pompopompo, mtima usanazizire. Wapeza chinthu, wapsa mtima, wamenya nthawi yomweyo. Ukapita kunyumba, n'kukatenga mpeni, n'kubwerako patatha ola, khoti limati unali ndi mpata woganiza. Kudziteteza nako kuli ndi muyeso wake. Mbava ili m'nyumba ndi chida, ukulimbana nayo mumdima, imeneyo ndi nkhani ina. Mbava yagwidwa, yamangidwa ndi linya, yakhala pansi ikupempha madzi, apo palibenso chodzitetezera. Lamulo limalola munthu wamba kugwira wopalamula, koma limati umupereke kupolisi mosachedwa. Kuledzera si chikopa. Kukhulupirira kuti wophedwayo anali mfiti si chikopanso, ndipo pansi pa lamulo la za ufiti la 1911, lomwe likadalipo, kungomuloza munthu kuti ndi mfiti ndi mlandu pawokha. Sing'anga woombeza kuti "wapha mwanayu ndi gogo uje" amayenera kukhala woyamba kufunsidwa.

Kayendedwe ka mlandu kali motere. Womangidwa ayenera kuonekera kukhoti pasanathe maola 48, malinga ndi gawo 42 la malamulo oyendetsera dziko. Amapita kaye kwa majisitireti, koma majisitireti alibe mphamvu yoweruza mlandu wakupha. Amangomuwerengera, n'kumutumiza pa rimandi. Failo imachoka kupolisi kupita ku ofesi ya mkulu wozenga milandu ya boma, DPP, ndipo ndi kumeneko amaona ngati umboni ukukwana, n'kulola kuti mlandu upite ku khoti lalikulu. Lamulo la kazengedwe ka milandu, gawo 161G, limati woganiziridwa kupha asasungidwe masiku oposa 90 mlandu usanayambe, ndipo khoti likhoza kuonjezera masiku osapitirira 30. Papepala ndi momwemo. Ku Chichiri, ku Maula ndi ku Zomba mukapezako anthu amene adikira zaka. Belo pa mlandu wakupha amapereka ndi khoti lalikulu lokha, osati apolisi kapena majisitireti, ndiye pamafunika loya woti alembe pempho. Wopanda ndalama apite ku Legal Aid Bureau, ndipo abale asadikire kuti loya awapeza yekha. Atenge nambala ya failo kupolisi, tsiku limene munthu anamangidwa, dzina la ndende, ndi anthu awiri odalirika okhala ndi zitupa amene angamuimire ngati mboni za belo. Masiku 90 akadutsa, chimenecho chimakhala chifukwa champhamvu pa pempholo.

Za chipepeso, mayi, apa ndilankhule mosapsatira. Mlandu wakupha si wa banja loferedwa, ndi wa boma. N'chifukwa chake pafailo amalemba kuti Republic ikutsutsana ndi uje. Mfumu, kaya nyakwawa kaya gulupu kaya T/A, ilibe mphamvu youthetsa. Khoti limaloledwa kuyanjanitsa anthu pa timilandu ting'onoting'ono ngati kumenyana wamba, osati pa imfa. Wotha kuuimitsa ndi DPP yekha. Kugula bokosi, kupereka chimanga pamaliro, kupepesa, zonsezo n'zabwino ndipo loya akhoza kuzitchula popempha jaji kuti achepetse chilango. Koma kulandira ng'ombe kapena ndalama pogwirizana kuti nkhani ibisidwe, mboni zisapite kukhoti, umenewo ndi mlandu wina watsopano, ndipo umagwera wolandirayo. Mlandu suola. Munthu akhoza kuthawira ku Tete kapena ku Joni zaka 10, tsiku lobwera kudzalira maliro a mayi ake n'kupeza unyolo ukumudikira pasiwa.

Mbewe wa ku Kasungu:

A Gama afotokoza za khoti, ine ndionjezere za thupi, chifukwa anthu ambiri amene timati "aphedwa ndi gulu" safera pamalopo. Amafa mawa lake kapena mkuja, ndipo ena mwa iwo akanapulumuka.

Njira zake zodziwika ndi zitatu. Yoyamba ndi mutu. Munthu wamenyedwa ndi mpini pafupi ndi khutu, pamene chigaza n'chopyapyala. Wakomoka pang'ono, watsitsimuka, akulankhula bwinobwino, mwinanso kuyenda yekha. Anthu n'kumati wachira, anali kunamizira. Chikhalirecho mtsempha waduka mkati ndipo magazi akudzadza pakati pa chigaza ndi ubongo. Patapita maola angapo amayamba kudandaula mutu, kusanza, kusinza, kamwana ka diso limodzi n'kukula kuposa kanzake, kenaka kupuma mokoka nkonono. Nkonono umenewo si tulo. Yachiwiri ndi kapamba, amene ali kumanzere pansi pa nthiti. Kwathu kuno anthu ambiri kapamba wawo ndi wotupa kale chifukwa cha malungo obwerezabwereza, ndiye theche limodzi lokha limatha kumung'amba. Kunja kulibe bala, magazi akuthira m'mimba. Munthu wamkulu ali ndi malita pafupifupi 5 a magazi, akataya 2 moyo uli pachiswe. Muone zikhatho ndi m'maso kuyera, thukuta lozizira, ludzu losaneneka, mtima kuthamanga, nthawi zina kupweteka paphewa lakumanzere. Yachitatu anthu saidziwa n'komwe. Wokwapulidwa kwa nthawi yaitali ndi zikoti, mapaipi kapena ndodo pamsana, m'matako ndi m'ntchafu, minofu yake imaphwanyika n'kutulutsa zinthu zimene zimakatseka impso. Palibe fupa lothyoka, munthu akuyenda. Koma mkodzo umayamba kuoneka ngati tiyi wopanda mkaka, kenaka n'kuchepa, kenaka n'kusiyiratu. Amafa patapita masiku. Akafika msanga kuchipatala n'kuikidwa madiripi okwanira, impso zimapulumuka.

N'chifukwa chake munthu wolanditsidwa m'manja mwa gulu ayambire kuchipatala, osati m'chitokosi kapena pakhonde la amfumu kudikira kuche. Amene wamutsekera usiku wonse akutenga nawo gawo pa imfayo. Panjira, pamene pakutuluka magazi dindani ndi nsalu yoyera mwamphamvu kwa mphindi 10 osasuzumira. Nsalu ikanyowa ikani ina pamwamba, musachotse yoyambayo. Mpeni ukakhala kuti udakali m'thupi musauzule, ukutseka bowo lake lomwe. Musamumwetse madzi kapena phala ngakhale alire ludzu, chifukwa mwina akufunika opaleshoni. Wokomoka mugonekeni chammbali kuti masanzi asamutsamwe, mutu ndi khosi zisagwedezeke. Wopsa ndi moto muthireni madzi ozizira oyera kwa mphindi 20. Mazira, mankhwala otsukira mano, mafuta ophikira, zonsezo ayi. Ngati akutha kulankhula n'kutchula amene amuchita chipongwe, wina alembe mawu akewo ndendende mmene wawanenera, nthawi yake, ndi maina a amene anamva. Mawu a munthu amene akutsirizika khoti limatha kuwalandira.

Akamwalira, apa ndi pamene milandu yambiri imafera, tsiku loyamba lomwelo, ndipo amaipha ndi abale achikondi. Amayi amafulumira kusambitsa mtembo, kuuveka zoyera, zovala zamagazi n'kuzitaya m'chimbudzi kapena kuziotcha, pabwalo n'kusesapo kuti anthu akhale. Mwambo ndi umenewo, koma umboni wapita. Mtembo usasunthidwe apolisi asanafike. Ufundidwe chabe, pamalopo pazungulizidwe chingwe, wina ajambule zithunzi chapatali ndi chapafupi. Chida chisagwidwegwidwe. Zovala zamagazi ziumitsidwe pamthunzi n'kuikidwa m'pepala kapena mu envelopu, osati m'jumbo, chifukwa m'pulasitiki zimachita nkhungu. Ndipo musalole kuti mtembo ubayidwe mankhwala oumitsa usanapimidwe. Mankhwala amenewo amasintha maonekedwe a mabala, ndipo ngati mukuganizira poizoni, kupima kwake kumavuta kwambiri.

Nthawi nayo ndi mdani. Mtembo umayamba kuuma patapita maola awiri mpaka 6, n'kuumiratu pa maola ngati 12, kenaka n'kufewanso. Magazi amatsikira kumbali imene wagonera n'kukhazikika komweko, ndiye wopima akhoza kudziwa ngati munthu anafera pena n'kudzatayidwa pena. Koma kotentha ngati ku Nsanje kapena ku Chikwawa mwezi wa Okutobala, tsiku limodzi kapena awiri zonsezi zimafufutika. Pitani naye ku mochale mwamsanga. Abale achisilamu amene mwambo wawo ndi kuika tsiku lomwelo auze apolisi nthawi yomweyo kuti kupima kufulumire, kusiyana n'kuti adzafukule pambuyo pake. Kufukula kumaonetsa mafupa othyoka, koma kapamba wong'ambika simudzamupezanso.

Madokotala odziwa za kupima mitembo m'dziko muno ndi owerengeka, ndiye m'maboma ambiri ntchitoyi amagwira ndi makiliniko ofesa. Ena amangoyang'ana kunja, makamaka abale akamakana kuti m'bale wawo asang'ambidwe. Lipoti likangoti "mtima unasiya kugunda", palibe chimene lanena, munthu aliyense wakufa mtima wake unasiya kugunda. Lipoti lothandiza limatchula bala, malo ake, kukula kwake m'masentimita, chimene chinaonongeka mkati, ndi mtundu wa chida chimene chingapange bala lotero. Popanda zimenezo loya wa woimbidwa mlandu amangofunsa kuti, mukudziwa bwanji kuti sanafe ndi matenda ake?

Nachisale:

Zikomo a Gama ndi a Mbewe. Za kusambitsa mtembozo zandigwira mtima, chifukwa ndi zimene aliyense amathamangira poyamba. Nanga za chiwerengero zija, alipo angatithandize?

Tembo wa ku Joni:

Achemwali, poyerekeza kuphana sawerenga mitu chabe, amawerenga pa anthu 100,000 alionse pachaka. Mwachitsanzo, boma la anthu 700,000 litakhala ndi ophedwa 21 pachaka, ndiye kuti ndi 3 pa 100,000. Bungwe la United Nations loona za milandu, UNODC, linapeza kuti mu 2021 padziko lonse panaphedwa anthu pafupifupi 458,000, kutanthauza 52 pa ola lililonse, kapena 5.8 pa 100,000. Ku Africa kunali pafupifupi 176,000, kuposa chigawo china chilichonse, ngakhale kuti pogawa ndi chiwerengero cha anthu maiko a ku America ndiwo anali pamwamba ndi 15, Africa 12.7, pamene Ulaya ndi Asia anali pang'ono kupitirira 2. South Africa ili patali: m'chaka cha 2022/23 apolisi analemba anthu ophedwa oposa 27,000, pafupifupi 75 patsiku, 45 pa 100,000. Nambala ya Malawi imene imatchulidwatchulidwa m'mabuku a UNODC ndi 1.8, koma ndi ya 2012, ndipo ndi ya milandu yokhayo imene inafika kupolisi n'kulembedwa kuti ndi kupha. Wofa ndi impso patatha sabata atakwapulidwa, amene a Mbewe anena uja, kawirikawiri amalembedwa kuti anadwala. Mayi womenyedwa ndi mwamuna wake n'kuikidwa mwakachetechete saoneka paliponse. Ndiye nambala yotsika isatigonetse tulo, komanso mavidiyo a pa WhatsApp asatinamize kuti tafanana ndi Joni. Sitinafanane.

Ophedwa ambiri ndi amuna, 8 mwa 10 alionse, ndipo ophawo 9 mwa 10 ndi amuna. Koma akazi ali ndi vuto lawolawo: mwamuna amaphedwa kumowa kapena pamsewu, mkazi amaphedwa kunyumba. Mu 2023 akazi ndi atsikana pafupifupi 51,000 padziko lonse anaphedwa ndi amuna awo kapena abale awo, 140 patsiku. Imfa zimenezi sizigwa ngati mphezi. Zimayamba ndi kumenya kobwerezabwereza, nsanje yolondalonda foni, kuopseza kuti "ndidzakupha n'kudzipha", ndipo choopsa kwambiri ndi kukanyanga pakhosi. Mwamuna amene wafika pogwira mkazi pakhosi, ankhoswe asanenenso kuti banja ndi kupirira. Nthawi yoopsa kwambiri ndi pamene mkazi wanena kuti akuchoka, kapena wangochoka kumene. Asapite yekha kukatenga katundu. Lamulo loletsa nkhanza za m'banja la 2006 limalola majisitireti kupereka chiletso choti mwamuna asayandikire, ngakhale kumutulutsa m'nyumba, ndipo poyambira ndi ku Victim Support Unit ya polisi.

Kuphana sikumwazikana mofanana ngati mvula. Ngakhale ku South Africa, madera ochepa monga Inanda, Umlazi, Nyanga ndi Delft ndiwo amabwerabwera pamwamba chaka ndi chaka, ndipo chifukwa chimene apolisi amalemba kwambiri si zigawenga ayi, ndi mikangano, makamaka Loweruka ndi Lamlungu, pamowa. Zimenezi zili ndi phindu lake, chifukwa vuto lokhala pamalo amodzi ndi nthawi imodzi limagwirika. Mzinda wa Diadema ku Brazil unalamula mu 2002 kuti malo omwera mowa azitseka 11 koloko usiku, ndipo kuphana kunatsika moonekeratu. Ku Cardiff ku Wales anaona kuti ovulazidwa ambiri ofika kuchipatala apolisi sankawadziwa, ndiye chipatala chinayamba kulemba malo, tsiku, ola ndi chida, osalemba dzina la wodwala, n'kumapereka kupolisi ndi kukhonsolo. Zimenezi sizifuna kompyuta. Kaundula mmodzi pachipatala cha boma, miyezi 6, mudzapeza kuti ndi mashabini angati ndi misika iti imene ikudyetsa mochale.

Kuphana kwa gulu kuli ndi mtundu wakewake: kumayamba ndi mphekesera, ndipo kumagwera wosatha kudzifotokozera. Mu Januwale 2016 ku Neno anapha okalamba anayi a banja limodzi mphezi itapha mtsikana. Mu Malichi chaka chomwecho ku Nsanje anaotcha anthu 7 powaganizira kuti anali ndi mafupa a anthu. Mu 2017 nkhani ya anamapopa inayambira ku Mulanje ndi ku Phalombe n'kufika mpaka ku Blantyre, anthu osachepera 9 anaphedwa, mmodzi mwa iwo mnyamata wodwala khunyu. Mlendo wosadziwa njira, wodwala misala, wosamva, nkhalamba yokhala yokha pamunda umene adzukulu akuufuna. Mukafufuza nkhani zambiri za ufiti, pansi pake mupezapo malo.

Jere:

Zonsezi zamveka, koma tisanamizane. Anthu amapha wakuba chifukwa akamupereka kupolisi Lolemba, Lachitatu amakumana naye pamsika akuwaseka. Mlimi wabedwa ng'ombe ziwiri zimene anaweta zaka 6, mukufuna atani? Ndipo opha anzawo akudya nsima yaulere kundende. Boma lingoyambiranso kunyonga, muone ngati sizisiya.

Gama wa ku Zomba:

A Jere, mkwiyo wa mlimiyo ndi woona, ndipo amene amaunyoza sanabedwepo. Koma zinthu ziwiri mwazisakaniza.

Kunyonga kudakali m'malamulo athu, kungoti munthu womaliza ananyongedwa mu 1992. Kale jaji analibe kusankha, wopezeka wolakwa pa gawo 209 ankangolamulidwa kunyongedwa. Mu 2007, pa mlandu wa Kafantayeni, khoti linati zimenezo n'zosemphana ndi malamulo oyendetsera dziko, jaji ayenera kumva kaye za munthuyo ndi mmene zinachitikira. Kuyambira 2015 akaidi oposa 150 anamvedwanso, ndipo panalibe ndi mmodzi yemwe amene anabwezeredwa chilango cha imfa. Ambiri anatuluka. Mwa iwo munapezeka odwala misala, ena amene anali ana pamene ankapalamula, ena mafailo awo anasowa osadziwika kumene anapita. Mu 2019 makhoti anaperekanso chilango chonyongedwa pa milandu yopha anthu achialubino ku Thyolo ndi ku Mchinji. Mu Epulo 2021, pa mlandu wa Khoviwa, khoti la apilo linamveka ngati lathetseratu chilangochi, koma mu Ogasiti chaka chomwecho majaji anafotokoza kuti sizinali choncho. Anzathu a ku Mozambique anachichotsa mu 1990, Zambia mu 2022, Zimbabwe kumapeto kwa 2024.

Njira yachidule tinaiyesapo kale. Pakati pa 1968 ndi 1970 anthu pafupifupi 30 anaphedwa usiku m'nyumba zawo ku Chilobwe ndi madera ena a Blantyre, ndipo mphekesera ya nthawi imeneyo inalinso ya magazi, ati akutumizidwa ku South Africa. Khoti lalikulu litamasula oganiziridwa ena chifukwa chosowa umboni, boma la Kamuzu linapereka milandu yakupha ku makhoti amakolo, kumene loya sankaloledwa. Anthu ananyongedwadi. Makhoti omwewo ndiwo anadzaweruza Orton ndi Vera Chirwa kuti aphedwe mu 1983, ndipo makhotiwo anaimitsidwa mu 1993.

Chimene chimaopsa wopalamula si kukula kwa chilango chimene mwina chidzabwera patatha zaka 8, koma kudziwa kuti agwidwa ndipo mlandu uyenda. Apa ndi pamene tikulephera. Taonani mlandu wa mnyamata wachialubino amene anaphedwa ku Machinga mu 2018, umene dziko lonse linkauyang'ana, momwe munali wansembe, wapolisi ndi wachipatala pakati pa anthu 12 opezeka olakwa. Chigamulo chinatuluka mu 2022. Nanga wa munthu wosadziwika wa kumudzi?

Tsono za wakuba wa Lachitatu uja. Belo si kumasulidwa, mlandu umakhala ulipobe, ndipo tsiku lobwerera kukhoti limakhala litalembedwa. Chimachitika n'chakuti mwini ng'ombe akamuona panja amataya mtima, tsiku la khoti osapita, mboni nazo osapita poti thiransipoti ndi yodula, mlandu n'kuimitsidwa kawiri katatu, kenaka majisitireti n'kuuchotsa. Apo ndiye wamasulidwadi, ndipo m'mudzi mumamveka kuti apolisi adya. Ziphuphu zilipo, sindikukana, ndipo zoterozo n'zokadandaula kwa mkulu wa polisiyo, ku Anti-Corruption Bureau kapena ku Independent Complaints Commission, bungwe lolandira madandaulo okhudza apolisi. Koma komiti ya chitetezo cha m'mudzi ikhoza kutseka mabowo ambiri yokha. Wogwidwa aperekezedwe ndi anthu atatu kapena anayi odziwika, achotsedwe pagulu msanga anthu asanachuluke, chifukwa gulu likadutsa anthu 20 mawu a mfumu samvekanso. Katundu wobedwa apite naye limodzi ndipo alembedwe. Sitetimenti iperekedwe tsiku lomwelo, wina alembe dzina la wapolisi wofufuza, nambala ya mlandu ndi tsiku la khoti. Ngati wogwidwayo anaopsezapo mboni kapena anathawapo belo kale, auzeni woimira boma pa mlandu asanalowe m'khoti, chifukwa majisitireti amakana belo pa zifukwa zimene wauzidwa, osati zimene mudzi ukudziwa mumtima. Ndipo m'thumba la komiti muzikhala ndalama ya minibasi ya mboni ziwiri, kupita ndi kubwera, maulendo osachepera atatu.